Autism: Udindo wa Achibale pa Banja Lomwe Likulera Mwana Woganiziridwa Kuti Ali ndi Vutoli

Kwathu kuno mwana saleredwa ndi bambo ndi mayi ake okha. Agogo, azakhali, amalume ndi alamu onse amakhala ndi mawu pa kakulidwe kake, ndipo kawirikawiri iwowa ndi amene amayamba kuona kuti mwana wina sakukula ngati anzake: wakwanitsa zaka zitatu koma sanayambe kulankhula, ukamuitana satembenuka, amasewera yekha, ndipo akamva phokoso amatseka makutu. Zomwe achibale amalankhula ndi kuchita pa nthawi imeneyi zikhoza kufikitsa mwanayo kuchipatala msanga, kapena kumuchedwetsa zaka zambiri makolo ake akuzungulira kwa asing'anga. Nkhani ino ikufotokoza za autism, zizindikiro zake, zomwe zimadziwika za chiyambi chake, ndi ntchito yomwe wachibale angagwire.

Kodi autism ndi chiyani?

Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, komwe kamayamba mwana ali wamng'ono kwambiri ndipo amakhala nako moyo wake wonse. Madokotala amaizindikira poyang'ana mbali ziwiri. Yoyamba ndi kuvutika kulumikizana ndi anthu: kulankhula, kumva zomwe wina akutanthauza, kuwerenga nkhope ndi kusewera ndi anzake. Yachiwiri ndi kubwereza zinthu zomwezomwezo, kukakamira ndondomeko imodzi, komanso kumva phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa mopitirira kapena mochepera kuposa anthu ena.

Autism si misala, si matenda opatsirana, ndipo siimafanana mwa ana onse. Wina salankhula n'komwe ndipo amafunika womusamalira tsiku lonse. Wina amalankhula bwino, amakhoza masamu kapena kuloweza masura ataliatali mosavuta, koma amalephera kupeza mnzake ndi mmodzi yemwe. Ena amakhalanso ndi khunyu, kuchedwa kumvetsa zinthu, kusowa tulo kapena mavuto a m'mimba.

Dokotala Leo Kanner wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore ndi amene anafotokoza vutoli mu 1943, atayang'anitsitsa ana 11. Mu 1944 dokotala Hans Asperger wa ku Vienna analemba za ana ena olankhula bwino koma ovutika kukhala ndi anthu. Kuyambira mu 2013 madokotala ambiri amaika magulu onsewa pansi pa dzina limodzi la autism. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linkayerekeza kuti pafupifupi mwana 1 mwa ana 100 ali ndi autism, ndipo anyamata opezeka nayo amachuluka katatu kapena kanayi kuposa atsikana. Bungwe la United Nations linakhazikitsa 2 April kukhala tsiku lokumbutsana za autism, potsatira pempho la dziko la Qatar mu 2007.

Zizindikiro zoyenera kuzitengera kuchipatala

- Pofika miyezi 9 mpaka 12, mwana satembenuka akaitanidwa dzina, ndipo sabayibitsa kapena kukweza manja kuti anyamulidwe.
- Pofika miyezi 16 sanatchule liwu ndi limodzi lomwe.
- Pofika miyezi 18 salozera chinthu ndi chala kuti akuonetseni, monga galimoto kapena nkhuku yomwe ikudutsa.
- Pofika zaka 2 salumikiza mawu awiri, monga "ndikufuna madzi".
- Anali atayamba kutchula mawu kapena kusewera ndi anthu, kenako n'kusiya. Izi zimachitika kawirikawiri pakati pa miyezi 15 ndi 24.
- Sayang'ana anthu m'maso, ndipo akafuna chinthu amakoka dzanja la munthu wamkulu ngati chida.
- Amabwereza mawu omwe wamva m'malo moyankha. Mukati "ukufuna phala?" nayenso amati "ukufuna phala?"
- Amakupiza manja, kuzungulira, kuyenda chonyang'ama ndi zala, kapena kundandalika zitsekerero za mabotolo kwa nthawi yaitali.
- Amalira kwambiri zinthu zikasintha pang'ono, ngakhale njira yopitira kumsika kapena kapu yomwera tiyi.
- Amakana zakudya zambiri n'kumafuna chimodzi kapena ziwiri zokha.

Chizindikiro chimodzi pachokha sichitanthauza autism. Mwana wosamva bwino nayenso satembenuka ndipo amachedwa kulankhula. Malungo aakulu okhudza ubongo, matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa komanso kunyentchera zimathanso kusiya mwana akuchedwa kukula kapena atasintha khalidwe. N'chifukwa chake ntchito ya wachibale si kutchula dzina la vutolo, koma kuthandiza kuti mwana akaonedwe ndi odziwa.

Chimayambitsa ndi chiyani?

Kafukufuku wa mapasa ndi mabanja akusonyeza kuti gawo lalikulu ndi la chibadwa, ndipo zotengerazo zimatha kuchokera kuchimuna, kuchikazi kapena mbali zonse ziwiri, mwinanso kuyambira mwa mwanayo popanda kholo lomwe linali nazo. M'banja lomwe muli kale mwana wa autism, pafupifupi mwana 1 mwa ana 5 obadwa pambuyo pake amapezekanso nayo, choncho azing'ono ake ayenera kuyang'aniridwa bwino. Zina zomwe zimawonjezera mpata ndi kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa thupi kwambiri, makolo kubereka atakula, ndiponso mankhwala a khunyu otchedwa valproate akamwedwa ndi mayi woyembekezera. Mayi amene akumwa mankhwalawa asawasiye yekha, koma akambirane ndi dokotala.

Pali zinthu zitatu zomwe zimanamiziridwa, ndipo zaphwasula mabanja.

Choyamba ndi kaleredwe. Zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akatswiri ena, makamaka Bruno Bettelheim, ankaphunzitsa kuti autism imabwera chifukwa cha mayi wosakonda mwana wake. Maganizowa anatsutsidwa kalekale, koma m'makomo mwathu akadalipo m'mawu akuti "mwamulekerera" kapena "simumulankhulitsa".

Chachiwiri ndi katemera. Mu 1998 Andrew Wakefield wa ku Britain anafalitsa lipoti la ana 12 lomwe linkaloza katemera wa chikuku. Mu 2010 magazini ya The Lancet inachotsa lipotilo ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayu ndi autism. Ana athu amalandira katemera wa chikuku ali ndi miyezi 9 ndi 15, nthawi yomwenso zizindikiro za autism zimayamba kuonekera, ndiye anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zomwe zangokumana panjira.

Chachitatu ndi ufiti ndi majini. Bambo amanenedwa kuti anakhwimira mwana wake kuti alemere, agogo amanenedwa kuti anamulodza, mayi amanenedwa kuti anachita zoipa ali woyembekezera. Kumunenera Msilamu mnzako tchimo lalikulu chotero popanda umboni ndi tchimo palokha. Kumupangira mwana dua ndi kumuwerengera Qur'an modekha ndi chinthu chabwino, koma sikulowa m'malo mwa chipatala, pakuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analamula kufunafuna mankhwala. Kumenya mwana, kumufukiza utsi, kumutema mphini, kumumanga zithumwa kapena kupita naye kwa woombeza, zonsezi ndi kuzunza mwana wosalakwa, ndipo zina mwa izo zimawononga Tawheed ya wochitayo.

Kuyamba nkhaniyi ndi makolo

Makolo ambiri amakhala ataona kale zomwe inu mwaona, koma ali ndi mantha kapena manyazi. Choncho sankhani nthawi yomwe muli awiri, osati pagulu, pa ukwati kapena pa gulu la banja la pa WhatsApp. Nenani zomwe mwaona ndi maso anu, funsani maganizo awo, ndipo perekani thandizo nthawi yomweyo. Mwachitsanzo:

"Achemwali, ndaona kuti mwanayu ndikamuitana satembenuka, koma wailesi ikalira amathamangira. Inu mwaonapo zimenezi? Bwanji tikafunse kusikelo, ine ndikuperekezani."

"Alamu, mwanayu ndi wathu tonse. Ngati pali zomwe zikukudetsani nkhawa pa kalankhulidwe kake, musasenze nokha. Za thiransipoti ya kuchipatala zisiyeni kwa ine."

Pali mawu omwe amamveka ngati otonthoza koma amachedwetsa thandizo: "amalume ake analankhulanso mochedwa", "ana aamuna amatero", "adzasintha akadzayamba sukulu". Palinso mawu obaya: "kumtundu kwathu kulibe zimenezi". Mawu amenewa amatula mlandu wonse pa mkamwini kapena mtengwa, ndipo si oona. Musamuyerekeze mwanayo ndi wanu, komanso musamutche maina ngati "chitsiru", "wozerezeka" kapena "wamisala". Sura Al-Hujurat inaletsa kunyozana ndi kuitanana maina oipa, ndipo ana a m'banjamo amatengera dzina lomwe amva kwa akuluakulu.

Makolo akakana, musakangane nawo ndipo musapite ndi mwana kuchipatala mwamseri. Pitirizani kuwayendera, ndipo pakapita masabata angapo mufunsenso. Zomwe akuuzani ndi amana, si nkhani yokambira pachitsime.

Kokapeza thandizo

Poyambira ndi kusikelo ya ana kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi, mutatenga kabuku ka kuchipatala ka mwanayo. Pemphani kuti ayezedwe makutu, ndipo ngati nkhawa ikadalipo akutumizeni kuchipatala cha boma, komwe angakutumizeninso kwa madokotala a ana ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Ku Mzuzu a Saint John of God amagwiranso ntchito ndi ana ochedwa kukula. Bungwe la boma la MACODA, lomwe kale linkatchedwa MACOHA, ndi bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM angakulozereni thandizo la m'dera lanu.

Autism siyezedwa m'magazi ndipo sioneka pa sikani. Dokotala amafunsa mbiri ya mwana ndi kumuyang'ana mmene akusewerera, ndipo wodziwa bwino amatha kuizindikira mwana ali ndi zaka 2. Apa wachibale angathandize kwambiri: lembani msinkhu womwe mwana anakhala pansi, kuyenda ndi kutchula liwu loyamba, matenda aakulu omwe anadwalapo, ndipo makolo akalola jambulani mavidiyo aafupi pa foni, chifukwa mwana akafika malo achilendo sasonyeza zonse zomwe amachita kunyumba.

Palibe mankhwala ochiza autism. Mankhwala amaperekedwa pa mavuto oyenda nayo, monga khunyu. Wina akakuuzani kuti ali ndi botolo, ufa kapena zakudya zothetsa autism, gwirani chikwama chanu. Chomwe chimathandiza ndi kuphunzitsa mwana kulumikizana ndi anthu ndi kudzisamalira, tsiku ndi tsiku, kuyambira ali wamng'ono. Akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi ochepa m'dziko muno, choncho ntchito yaikulu imagwiridwa pakhomo. Bungwe la WHO linakonza maphunziro a olera ana otere pa mfundo yomweyi, yakuti nthawi ya kusewera, kusamba ndi kudya ndiyo kalasi ya mwanayo. Musadikire kuti dzina la vutolo litsimikizike musanayambe.

Thandizo lomwe banja limalimva

Mayi wolera mwana wotere nthawi zambiri sagona mokwanira, amasiya geni kapena ntchito, ndipo amaleka kupita kumaliro, ku maukwati ndi ku madarasa a amayi poopa maso a anthu. Mawu akuti "mukafuna thandizo mutiuze" samupindulira, chifukwa sadzanena. Tchulani chinthu chenicheni ndi tsiku lake.

*Nthawi.* Khalani ndi mwanayo maola awiri kapena atatu tsiku lodziwika sabata iliyonse kuti mayi agone, apite kumsika kapena akaone anzake. Yambani mayi ali pompo mpaka mwana akuzolowereni.

*Ntchito.* Kutunga madzi, kuchapa zofunda, kukagayitsa, kupalira munda wawo nthawi ya dzinja.

*Ndalama.* Maulendo a kuchipatala, matewera a mwana wamkulu ndi mpanda wa pakhomo zimadya ndalama. Sadaka yopatsa wachibale ili ndi malipiro awiri, a sadaka ndi a kulumikiza chibale, ndipo m'bale kapena mlongo wosauka akhoza kupatsidwa Zakaat. Perekani mwakachetechete, ndipo kupereka kusakupatseni mphamvu yolamula pa mwana wa eni.

*Abale ake a mwanayo.* Iwowa amaiwalika, makamaka mtsikana wamkulu amene amajombetsedwa kusukulu kuti alere. Atengeni kokacheza, afunseni za sukulu, ndipo afotokozereni vuto la m'bale wawo m'mawu a msinkhu wawo.

*Ukwati wa makolo.* Ankhoswe ndi amalume asadikire kuti banja lifike pa talaka. Bambo akumbutsidwe kuti kudyetsa, kuveka ndi kuchiritsa mwana ndi udindo wake pamaso pa Allah, ndipo sutha chifukwa mwana wabadwa mosiyana ndi momwe ankayembekezera.

Mwana akakhala m'manja mwanu

Funsani makolo zomwe amakonda, zomwe amaopa ndi zomwe zimamukhazika mtima pansi, ndipo tsatirani ndondomeko yawo ngakhale ikusiyana ndi mmene munalerera ana anu. Musamukakamize kupereka moni wa m'manja, kukuyang'anani m'maso kapena kukhala pamiyendo panu. Si mwano. Khalani pansi mofanana naye, lowani m'masewera omwe iye wayamba, lankhulani mawu awiri kapena atatu mukumuonetsa chinthucho, kenako dikirani masekondi ngati 10 kuti ayankhe. Akaloza, akakupatsani kapu kapena akatulutsa liwu, muyankheni msanga kuti aone kuti kulumikizana ndi anthu kumapindula. Muuzeni zinthu zisanachitike: "tikatha kudya, tisamba". Kukupiza manja ndi kudzigwedeza kumamuthandiza kudekha, choncho musamuletse pokhapokha akudzivulaza. Mupatseni chakudya chomwe amadya, chatsopano chiikidwe pambali pang'onopang'ono.

Nthawi zina mwana amakuwa, kudzigwetsa kapena kudzimenya mutu. Kawirikawiri si matukutuku, koma phokoso, njala, kutopa kapena ululu womwe sangathe kuunena zamukulira. Chepetsani anthu ndi phokoso, chotsani zomwe zingamuvulaze, lankhulani pang'ono, ndipo dikirani. Chikwapu chimawonjezera mantha ndipo sichiphunzitsa kanthu. Khalidwe likasintha mwadzidzidzi, ganizirani dzino, khutu, kudzimbidwa kapena malungo.

Chitetezo chikhale patsogolo. Ana ambiri a autism amachoka pakhomo mwakachetechete, amakopeka ndi madzi ndipo saopa ngozi. Vundikirani zitsime ndi migolo, samalani ngati muli pafupi ndi mtsinje, nyanja kapena msewu, ndipo pa chikondwerero pakhale munthu mmodzi wotchulidwa dzina womuyang'anira, chifukwa pomwe aliyense akuyang'ana palibe amene akuona. Anansi adziwitsidwe, ndipo nambala ya foni isokeredwe pa malaya ake. Kumumangirira pamtengo kapena kumutsekera m'nyumba yekha ndi nkhanza. Kumbukiraninso kuti mwana wosalankhula sangaulule amene wamuchita zachipongwe, choncho asasiyidwe ndi munthu aliyense chifukwa choti ndi wachibale.

Sukulu, madrasa ndi mzikiti

Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo lamulo la anthu olumala la mu 2024 limaletsa kusala mwana pa maphunziro. Sukulu zina za pulayimale zili ndi zipinda zapadera ndi aphunzitsi ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Wachibale wodziwa kulankhula ndi akuluakulu aperekeze makolo kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku ofesi ya zamaphunziro ya boma lawo.

Ife aphunzitsi a madrasa tiyenera kuvomereza kuti kalasi yomwe ana 50 akuwerenga mokweza nthawi imodzi ndi yolemera kwa mwana wotere. Akhale kumapeto pafupi ndi khomo, ayambe ndi mphindi zochepa, aphunzire wudhu ndi swala poona ndi kutsanzira, ndipo ndodo isamuyandikire. Pa Jumu'ah ndi pa Eid, amalume kapena agogo akhoza kukhala naye kumzere wakumbuyo, kutali ndi sipika, okonzeka kutuluka naye akatopa. Mtumiki (SAW) ankafupikitsa swala akamva mwana akulira pomvera chisoni mayi wake, ndipo Sura Abasa inatsika pa nkhani ya Abdullah ibn Umm Maktum, swahaba wosaona amene pambuyo pake anali muazini ku Madina. Jamaa yomwe imayang'ana mwana ndi diso loipidwa mpaka makolo ake kusiya kubwera kumzikiti yasiya chitsanzo chimenechi.

Pa malamulo a chipembedzo, udindo wa swala ndi swaumu umayendera nzeru ndi kuthekera kwa munthu. Wa autism amene amamvetsa zinthu amalamulidwa ngati wina aliyense akatha msinkhu, ndipo amene samvetsa alibe mlandu pa zomwe sangathe. Makolo asadzazidwe mantha pa zimenezi.

Za mawa

Funso lomwe limasowetsa makolo tulo ndi lakuti: ife tikadzamwalira, adzamusunga ndani? Banja likhale pansi makolo akadali moyo, ligwirizane za yemwe adzakhale mtetezi wake, ndipo munthuyo ayambe kuzolowerana naye panopa. Gawo la mwanayu pa chuma chamasiye ndi lofanana ndi la mwana wina aliyense, silichepa chifukwa cha autism. Ngati sangathe kuliyendetsa yekha, Sura An-Nisa ikuphunzitsa kuti mtetezi alisunge ndi kumudyetsa ndi kumuveka kuchokera m'menemo, osati kulitenga ngati lake. Zomwe mwagwirizana zilembedwe pamaso pa mboni.

Pokonzekera tsikulo, mwana aphunzitsidwe zomwe angathe: kudya yekha, kupita kuchimbudzi, kuvala, kusesa, kuthirira dimba, kudyetsa nkhuku, ndipo kwa ena sukulu mpaka ntchito. Ana a autism amaphunzira moyo wawo wonse, aliyense pa liwiro lake, ndipo amapita patali akakhala ndi anthu ambiri owadziwa ndi kuwalandira. Mayi mmodzi sangakhale dokotala, mphunzitsi ndi mlonda usana ndi usiku. Mutu umodzi susenza denga.

Tikupempha Allah awapatse mphamvu ndi kupirira makolo onse omwe akulera ana otere, awateteze anawo, ndipo atipange ife achibale kukhala opeputsa mtolo osati owonjezera. Allah ndiye Wodziwa koposa.